Kovenshoni yatha, wina wagwa: tichite chiyani kuti mavoti asabalalike kuno ku Mangochi?

Wa kwa Chimwala wafunsa:

Moni akuluakulu nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumadziwa mmene zipani zimayendera kumadera. Chipani chikachititsa msonkhano waukulu wosankha munthu wodzachiimira pa mpando wa pulezidenti, opikisana amphamvu n'kukhala awiri kapena atatu, wopambana amakhala mmodzi. Akuluakuluwo amagwirana chanza pamaso pa atolankhani ku Lilongwe kapena ku Blantyre, koma nthumwi zimabwerera kumudzi zitagawikana, ndipo m'maeliya anthu amasiya kupatsana moni. Kodi anthu amene ankatsatira wogonja uja amalowera kuti tsiku lovota? Nanga komiti ya dera iyambire pati, ndipo ili ndi nthawi yotalika bwanji zinthu zisanaonongeke? Chonde ndipatseni zogwirika, osati kungoti "tiyeni tigwirizane".

Mkulu wa ku Namwera wayankha:

Achimwene, choyamba siyanitsani magulu awiri amene anthu amawasakaniza. Ku kovenshoni kumavota nthumwi, anthu chikwi chimodzi kapena ziwiri, pomwe m'kaundula wa MEC wa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 munali anthu opitirira 7 miliyoni. Nthumwi ndi anthu amipando: magavanala, alembi, asungichuma, atsogoleri a amayi ndi a achinyamata. Mlimi wa kwa Katuli ku kovenshoni sanapiteko, ndipo mtima wake sunawawe kwenikweni. Wopsa mtima ndi wapampando wa eliya amene anayenda usiku kukopera anthu wogonja uja. Tsoka lake, mlimi wa kwa Katuli uja nkhani za chipani amazimvera kwa wapampando yemweyu. Ovulala ndi ochepa, koma ndi amene agwira makiyi a midzi.

Kuoloka kupita ku chipani china ndiko kumamveka pa wailesi, koma kumatenga anthu ochepa, makamaka mabwana. Ambiri amangoti zii: nsalu ya chipani amaipinda, ku msonkhano sabwera, tsiku lovota amalawirira kudimba kapena kunyanja. Ena amagawa voti. Popeza kuyambira 2014 timavota patatu tsiku limodzi, munthu amachonga khansala ndi phungu amene amawadziwa, pa pepala la pulezidenti n'kuchonga wa chipani china. Gavanala amaona phungu wake wadutsa n'kumaganiza kuti dera lili bwino, osawerenga kusiyana kwa mapepala awiriwo.

Chitsanzo chili pakhomo pathu pomwe, chifukwa boma lino la Mangochi linali la chikasu cha UDF kuyambira 1994. Mu 1999 a Bakili Muluzi anapambana ndi mavoti 52 pa 100 alionse, UDF n'kutenga mipando 93 ku Nyumba ya Malamulo. Ganizo losintha malamulo kuti aimenso litagwa mu 2002, iwo anabweretsa a Bingu wa Mutharika, munthu amene mu 1999 anapikisana nawo ali ndi chipani chake cha United Party. Amene anakhetsera thukuta UDF kuyambira pachiyambi anaona kuti awadumpha. A Brown Mpinganjira anali atatuluka kale n'kuyambitsa NDA, a Aleke Banda anapita ku PPM, ndipo a Justin Malewezi, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti, anaima paokha mu 2004. A Bingu anapambana, inde, koma ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100, ndipo mipando ya UDF inatsika kufika pa 49. Mu Febuluwale 2005 a Bingu eniakewo anatuluka n'kuyambitsa DPP. Kuchokera pamenepo mipando ya UDF inangotsetsereka: 17 mu 2009, 14 mu 2014, 10 mu 2019. Cholakwika chachikulu sichinali kupikisana ayi, chinali kutseka mpikisano.

Tsono zochita. Masabata awiri oyamba ndi amene ali ndi phindu kuposa miyezi yonse yotsatira, chifukwa ndi pamene a zipani zina amayamba kuimbira foni okhumudwa. Gavanala wa dera atenge hadikava, alembe maeliya onse, ndipo pa eliya iliyonse alembe kumene wapampando, mlembi ndi mtsogoleri wa amayi anapendekera. Akatero ayende khomo ndi khomo, kuyambira kwa amene anagonja. Asawaitanire ku Boma. Munthu wogonja ukamuitanira ku ofesi amabwera ngati woyankha mlandu, koma ukamupeza pakhonde pake amakuyalira mphasa. Oyendawo akhale awiri, wina wa mbali yopambana, wina wa mbali yogonja, ndipo woyamba kulankhula akhale wa mbali yogonjayo.

Ndalama za thiransipoti ndi malo ogona za ku kovenshoni zimene zinatsalira zilipidwe kwa onse tsiku limodzi, mlingo umodzi. Ndi nkhani yooneka yaing'ono, koma nthumwi ikamva kuti anzake analandira iyo n'kutsala, palibe mawu amene angaibweze. Ndipo komiti iliyonse isakhudzidwe mpaka chisankho chitadutsa. Opambana amakonda kuthamangira "kukonza maeliya", kutanthauza kuchotsa a mbali inayo n'kuika madobadoba. Wapampando amene mwamuchotsa amachoka ndi kaundula wa mamembala m'mutu mwake.

Mayi a ku Malindi ayankha:

Abambo a ku Namwera anena zoona, koma adutsa msanga pa amayi, chonsecho amayi ndi amene achuluka m'kaundula wa ovota. Kuno kwathu n'koposa, poti m'midzi yambiri anyamata ndi abambo ali ku Joni, ena ali m'madoko kutali ndi kumene analembetsa.

Yambani ndi nyimbo. Nthawi ya kampeni ya kovenshoni mbali iliyonse imapeka nyimbo zonyoza mnzake, ndipo amayi opambana amafika nazo pa msonkhano woyamba akuvina. Mtsogoleri wa amayi wa dera aitane oyambitsa nyimbo a mbali zonse, agwirizane nyimbo zoti ziziimbidwa, zonyozazo zife. Mawu a bwana pa nsanja amaiwalika tsiku lomwelo, koma nyimbo imafika mpaka kuchigayo.

Kenako nsalu. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kunyengerera ovota, koma zinthu za kampeni monga nsalu ndi matisheti n'zololedwa. Belo ikafika, isatsitsidwe kunyumba kwa munthu. Itsegulidwe pamaso pa komiti, nsalu ziwerengedwe, zigawidwe molingana ndi kuchuluka kwa maeliya, wolandira aliyense asayine kapena adinde chala. Eliya imene yamanidwa nsalu imadziwa tanthauzo lake popanda woiuza, ndipo mayi amene alibe nsalu ya chipani chake sakana ya chipani china ikabwera.

Za maliro musazitenge mopepuka. Kwa Asilamu maliro sagonera masiku, ndiye uthenga uyenera kuyenda msanga. Apa m'pamene magulu a WhatsApp amaononga: kovenshoni ikangotha, oyang'anira gulu amayamba kuchotsa manambala a mbali yogonja, kapena opambana amatsegula gulu lawolawo. Mawa lake kwa mlembi wa eliya kwagwa zovuta, achipani osamva, osaoneka kumanda, osathandiza pa sanda, osabwera ku sadaka. Banja limenelo ndi abale ake onse mwawataya, ndipo mbumba imodzi kuno ikhoza kukhala mavoti 30 kapena 40. Gulu likhale limodzi, oyang'anira akhale a mbali zonse ziwiri.

Nthawi ya misonkhano yoyanjanitsa muisankhe bwino. Lachisanu masana anthu ali kumzikiti, Lamulungu m'mawa ena ali kutchalitchi, mwezi wa Ramadan si wokonza chakudya cha masana. M'madoko monga ku Makawa kapena ku Msaka, asodzi a usipa amachezera panyanja usiku, m'mawa ali m'tulo kapena akugulitsa, choncho msonkhano uyambe cha m'ma 3 koloko masana. Kwa Makanjira, kwa Jalasi ndi kwa Bwananyambi pakhale wolankhula Chiyao wa komweko, osati womasulira wobwera naye pa galimoto. Ndipo mkangano wa chipani usalowe mumzikiti kapena m'tchalitchi. Shehe kapena abusa akangooneka kuti ali ndi mbali, mwagawa mpingo pamwamba pogawa chipani.

Chomaliza kwa ine ndi mamonita. Mavoti amawerengedwa pamalo ovotera pomwepo, monita n'kusayina pepala la zotsatira ndi kutenga lake. Tonse tikukumbukira mapepala opakidwa tipeksi a mu 2019 amene anachititsa khothi kufafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 Febuluwale 2020. Mamonita odziwa ntchito kawirikawiri amakhala akale m'chipani, ndipo ambiri a iwo akhoza kupezeka kuti anali mbali yogonja. Mukawasiya onse n'kutenga achinyamata atsopano, mudzakhala ndi anthu okhulupirika amene sadziwa kuti voti yoonongeka ndi iti. Aphatikizeni, wakale ndi watsopano pamalo amodzi, onse apatsidwe chakudya, tochi ndi mayunitsi, ndipo ngongole ya mamonita a chisankho chapita ilipidwe kaye musanawapemphe ntchito ina.

Wa ku Lungwena wayankha:

Ine ndisiyana pang'ono ndi akulu a ku Namwera. Kuyendera anthu n'kwabwino, koma chipani sichisweka pa kovenshoni. Chimasweka pa zisankho zachipulula za aphungu ndi makhansala zimene zimabwera pambuyo pake, chifukwa ndi kumene opambana amakabwezera. Shado (wofuna kuimira chipani pa uphungu kapena ukhansala) aliyense amene anatsatira wogonja amayamba kuonedwa ngati mdani, likulu n'kumutumizira munthu wake woti amugwetse.

Tiwerenge masamu ongoyerekeza. Dera lili ndi ovota 20,000. Chipani chanu chimapeza 9,000, chotsatira 6,500, otsalawo 4,500 n'kugawana ena. Shado amene mwamubera pa chipulula waima payekha, watenga 4,000. Inu mwatsala ndi 5,000, mpando wapita kwa wa 6,500. Pa uphungu palibe zoti wopambana apitirire theka, woposa anzake ndi voti imodzi watenga. Ndipo anthu 4,000 aja, amene mwakhala mukuwatukwana miyezi iwiri ya kampeni, mukuyembekeza kuti pa pepala la pulezidenti achonga munthu wanu? Pa mipando 193, aphungu oima paokha anali 52 mu 2014 ndi 55 mu 2019, ndipo ambiri mwa iwo anali anthu amene anadandaula ndi mapulaimale a zipani zawo.

Mapulaimale amaonongeka m'njira zodziwika. Pamabadwa maeliya a m'chikwama, amene kulibe mudzi wake koma ali ndi nthumwi. Malo ovotera amasinthidwa usiku, mbali imodzi yokha n'kuuzidwa. Woyendetsa chisankho wochokera kulikulu amafika 4 koloko madzulo pomwe nthumwi zinafika 8 koloko m'mawa, ndipo a kutali, amene akuganiza za msewu wa Makanjira ndi mdima, amakhala atayamba kubwerera. Ndiye pali kavotedwe koima pamzere kumbuyo kwa shado. N'kotchipa komanso kofulumira, koma aliyense amaona amene waima kumbuyo kwa yani. Wopambana amatembenuka n'kuloweza nkhope za amene sanamuvotere, ndipo chidani chimayambira pomwepo.

Mankhwala ake ndi awa. Mndandanda wa maeliya ndi maina a nthumwi upachikidwe pa ofesi ya dera masiku 14 chisankho chisanachitike, mashado onse ausayine tsamba ndi tsamba, ndipo dzina lisaonjezedwe pambuyo pake. Malo, tsiku ndi ola zilembedwe m'kalata imodzi yopita kwa mashado onse. Kuvota kukhale kwachinsinsi, mapepala awerengedwe asanagawidwe ndi atavotedwa, shado aliyense akhale ndi womuwerengera, zotsatira zisayinidwe pomwepo. Pakhale kagulu ka anthu atatu kapena asanu, osachokera m'deralo, komva madandaulo pasanathe masiku 7. Wodandaula akasowa kopita m'chipani amapita kukhothi kukatenga chiletso, ndipo dera limakhala lopanda woliimira pomwe anzanu ali kalikiliki ndi kampeni.

Mapulaimale atheretu kudakali miyezi itatu kuti MEC ilandire mapepala a opikisana. Mukachita mochedwa, wogonja amathamangira kukatenga mafomu a woima payekha mtima udakali wotentha, inu mulibe mpata wokambirana naye. Zipani zina zimasayinitsa mashado kalata yolonjeza kuti akagonja sadzaima paokha. Kalatayo imathandiza pochititsa manyazi basi. MEC siyingakanize munthu chifukwa cha iyo, popeza gawo 40 la malamulo aakulu a dziko limapatsa nzika ufulu wopikisana pa chisankho.

Mphunzitsi wa ku Monkey Bay wayankha:

Akuluakulu mwafotokoza za pansi, ine ndionjezeko za pamwamba, chifukwa gavanala wa dera sangazimitse moto umene likulu likukolezera.

Ku America mu 2008, Hillary Clinton ndi Barack Obama analimbana miyezi yambiri m'chipani cha Democratic. Clinton anavomera kugonja pa 7 Juni, ndipo pa 27 Juni awiriwa anachititsa msonkhano umodzi m'katauni kotchedwa Unity ku New Hampshire, kumene aliyense anapeza mavoti 107 pa chipulula. Ku kovenshoni ya ku Denver mu Ogasiti, Clinton mwiniwake ndiye anapempha kuti kuwerenga mavoti a nthumwi kuimitsidwe, onse angovomereza Obama. Obama anapemphanso omuthandiza ndalama kuti athandize kubweza ngongole za kampeni ya Clinton, kenako anamupatsa unduna woona za maubale ndi maiko akunja. Taonani kuti kuvomera kugonja ndi kuonekera limodzi zinachitika m'masabata atatu okha, ndipo otsatira anamva mawuwo kuchokera pakamwa pa munthu wawo. Komanso zigawo zambiri za dzikolo zili ndi malamulo oletsa wogonja pa chipulula cha uphungu kuimanso payekha pa chisankho chomwecho, chinthu chimene kuno kulibe.

Ku Tanzania mu 2015 zinayenda mwina. Akuluakulu a chipani cholamula cha CCM anachotsa dzina la Edward Lowassa nthumwi zisanavote, iye n'kupita ku chipani chotsutsa cha Chadema. Anapeza mavoti pafupifupi 40 pa 100, John Magufuli n'kupambana ndi 58. Munthu wogonja pa mavoti oonekera amavutika kufotokozera anthu chifukwa chotulukira, koma amene mwamutsekera khomo mwamupatsa nkhani yokalalikira pa msonkhano uliwonse.

Kwathu konkuno tili ndi chitsanzo cha mpikisano umene unalimbitsa chipani. Mu Ogasiti 2013 a Lazarus Chakwera anagonjetsa anzawo angapo ku kovenshoni ya MCP n'kulowa m'malo mwa a John Tembo. A Tembo sanatuluke, ndipo mipando ya chipanicho inakwera kuchoka pa 27 mu 2009 kufika pa 48 mu 2014.

Koma tisakokomeze mphamvu ya wotuluka. A Saulos Chilima atachoka ku DPP mu 2018 n'kuyambitsa UTM anapeza mavoti pafupifupi 20 pa 100 mu 2019, ndipo atagwirizana ndi a Chakwera pa chisankho chobwereza cha pa 23 Juni 2020 boma linasintha. Pomwe chisankho cha 2025 chisanafike DPP inataya a Kondwani Nankhumwa, amene anachotsedwa mu Januwale 2024 n'kuyambitsa PDP, komanso a Dalitso Kabambe amene anakatsogolera UTM, koma a Peter Mutharika anapambanabe ndi mavoti opitirira 56 pa 100, a Kabambe n'kupeza pafupifupi 4. Anthu amene akulira ndi mtengo wa chimanga, feteleza ndi mizere ya mafuta amayang'ana amene angathe kupambana, mikangano ya m'chipani n'kuiika pambali. Wovota si katundu wa gavanala. Komabe, poti tsopano pulezidenti ayenera kupeza mavoti opitirira theka, ngakhale wotuluka amene watenga 3 kapena 4 pa 100 akhoza kukukankhirani ku chisankho chachibwereza ngati mpikisano uli wothina.

Pa zomupatsa wogonja, ambiri amathamangira kunena kuti akhale woima naye ngati wachiwiri. Ganizirani kawiri. Wachiwiri amasankhidwa ndi anthu pa pepala limodzi ndi pulezidenti, ndipo pulezidenti sangangomuchotsa ngati nduna. A Bingu anasemphana ndi a Cassim Chilumpha, kenako ndi mayi Joyce Banda amene anachotsedwa mu DPP mu Disembala 2010, ndipo a Peter Mutharika anasemphana ndi a Chilima. Ngati awiriwo sakhulupirirana, mpando umenewu umangosunga mkangano zaka zisanu. Chimene chimagwira bwino ndi ntchito yeniyeni: kuyendetsa kampeni m'chigawo chimene ali ndi anthu, galimoto ndi mafuta zili m'manja mwake, anthu ake awiri kapena atatu m'komiti yaikulu, ndi lonjezo lolembedwa loti mashado ake apikisana mwachilungamo. Udindo wa "mlangizi" wopanda ofesi, wopanda bajeti, otsatira ake amauzindikira msanga kuti ndi wongomutseka pakamwa.

Wa kwa Chimwala wabweranso:

Zikomo kwambiri akuluakulu, ndatolapo zambiri. Nanga ngati zonsezi zachitika koma wapampando wa eliya akuonekabe pa misonkhano ya wotuluka uja? Timuchotse?

Mkulu wa ku Namwera wayankhanso:

Onani kaye chimene akuchita, achimwene. Kupezeka pa msonkhano si mlandu, kuno anthu amapita ku msonkhano uliwonse umene wafika pabwalo la sukulu. Mlandu ndi kusonkhanitsira wotulukayo anthu, kugawa nsalu zake, kapena kumupatsa kaundula wa mamembala anu. Zikafika apo mulembereni kalata yotchula chimene wachita, tsiku ndi malo, mum'patse masiku 7 oti adzayankhe pamaso pa komiti, ndipo zokambiranazo zilembedwe. Kuchotsa munthu osamumva mbali yake ndiko kumabweretsa ziletso za khothi.

Chotsani munthu mmodziyo, osati komiti yonse, ndipo mpandowo agwirizire wachiwiri wake wa m'eliya momwemo, ngakhale nayenso anali wa mbali yogonja. Chimene simuyenera kuchedwa nacho ndi mndandanda wa mamonita: dzina la munthu wokayikitsa lichoke maina asanapite ku MEC, chifukwa akapita kusintha kumavuta.

Kuti mudziwe ngati eliya yabwereradi, musawerenge anthu pa msonkhano wa bwana, poti kumeneko amabwera ndi malole. Itanani kamsonkhano ka eliya kopanda thiransipoti, kopanda zakumwa, ndipo MEC ikatsegula nthawi yoona maina m'kaundula ndi yosamutsa malo ovotera, mupemphe wapampando aliyense abweretse chiwerengero cha anthu ake amene apita kukaona maina awo, makamaka asodzi amene analembetsa doko lina n'kusamukira lina. Eliya imene yabweretsa maina 10 pomwe ili ndi mamembala 200, bwereraniko sabata yomweyo ndi munthu wa mbali yawo.